Mkamwana Aunika Ntchito ya Apongozi

Ku mapiri a Misuku kunali kopaletivi ya alimi a khofi, ndipo manijala wake anali Ivy Kayange. Ivy anali mwana wa ku Wenya, koma ukwati ndiwo unamukweza mapiriwo. Ntchito ankaidziwa. Chaka chilichonse zokolola zikatha, ankakhala pansi ndi wantchito aliyense payekha kuunika mmene wagwirira ntchito: pamene wachita bwino, pamene wapunthwa, ndi thandizo limene akufuna.

Panali munthu mmodzi yekha amene Ivy ankaopa kumuunika. A Sosten Kayange, oyang'anira matebulo oyanikirapo ndi kusankhirapo khofi, anali bambo aang'ono a mwamuna wake Gift. Kunena kwina, apongozi. Kumudzi Ivy sankawayang'ana kumaso, sankawatchula dzina, ndipo akakumana nawo pakanjira ankapatukira m'nthochi mpaka adutse. Nanga ku ofesi akanayambira pati kuwauza kuti ntchito yawo yayamba kutsimphina?

Pajatu inali itayambadi kutsimphina. Kale dzanja la a Sosten linkatola njere yoipa ngati nkhuku pamapira. Tsopano khofi wakuda ndi wofumbwa ankawadutsa pamaso n'kukalowa m'matumba. Amayi osankha khofi ankaona, koma ankangotsinana. Ivy nayenso ankaona.

Tsiku lowaunika litafika, Ivy anaima kuseri kwa chitseko, maso ali pansi.

"Adada, ntchito yanu ili bwino. Palibe chodandaula."

"Yewo, mkamwana," anayankha a Sosten, n'kubwerera ku matebulo.

Nkhani inathera pomwepo, ndipo Ivy anadzitonthoza kuti wasunga ulemu.

Chaka chotsatira kunabwera wogula wochokera ku Mzuzu. Anamasula matumba, anatapa khofi m'manja, anamuyang'anitsitsa, n'kupukusa mutu. Anatenga wochepa, wambiri anamukana. Mbiri inathamanga m'zigwa ngati moto wa m'chilimwe. Alimi amene ankatsetsereka m'mapiri ndi madengu a khofi wofiira pamutu anasonkhana pabwalo la kopaletivi, nkhope zili gwaa.

Mayi Dinah, wapampando wa komiti ya alimi, sanatafune mawu. "Ife timathyola wakupsa yekhayekha. Akuwonongekera kwanu kuno. Zikabwerezanso, tikagulitsa kwa mavenda ochokera ku Tanzania, inu mudzatseke geti. Ndipo komiti yagwirizana kuti a Sosten akapume."

Ivy anapempha kuti amulole ayambe walankhula ndi a Sosten. Atafika kunyumba, Gift anamuchenjeza.

"Usandichititse manyazi pa abale anga. Ileke komiti iwachotse, iwe usambe m'manja."

"Akachotsedwa osadziwa chimene alakwa, ndiye kuti ndawapha ndi ulemu wangawu," anatero Ivy. "Chaka chatha ndinakhala chete. Taona kumene kwatifikitsa."

Tsiku lolankhula ndi a Sosten litafika, Ivy sanawaitanire mu ofesi. Anaika mipando iwiri pakhonde la kuseri kwa nyumba yosungiramo khofi, kutali ndi makutu a anthu, yonse yoyang'ana kumapiri kuti asapenyane kumaso. Pakati anaikapo lichero la khofi wokanidwa uja. Atakhala pansi, Ivy anayamba kulankhula modekha.

"Adada, amayi onse osankha khofi pano munawaphunzitsa ndinu. Mvula sinanyowetsepo khofi inu muli pamatebulo. Mukaluma njere mumadziwa ngati yauma, ndipo simunaphonyepo. Zimenezi palibe angakulandeni." Analoza lichero lija. "Koma khofi woipa akudutsa m'manja mwanu. Ndi uyu ali m'licheromu. Wogula wamukana, ndipo alimi akufuna kutithawa."

A Sosten anadzambatuka, mpando n'kugwa chagada.

"Mkamwana! Ng'ombe zimene zinapita ku Wenya kukakutenga, ina inatuluka m'khola langa. Lero ukundiphunzitsa khofi?"

"Ndikudziwa, adada," anayankha Ivy, osakweza mutu. "N'chifukwa chake sindingalole kuti mumve kwa komiti zimene mukanamva kwa ine. Sindinakuitaneni kuti ndikuweruzeni. Ndikufuna mundiuze: chikukuvutani n'chiyani?"

Funso limenelo a Sosten sanaliyembekezere. Kenaka anadzutsa mpando, anakhala, ananyamula lichero n'kulisendeza pafupi ndi mphuno. Anatola njere imodzi kuti aitaye, koma inali yabwinobwino. Zakuda zinatsala momwemo.

"Nkhungu yalowa m'maso mwanga, mwana wanga," anatero ndi mawu otsika. "Inayamba kalekale. Ndinkaopa kuti ndikanena, mundiuza kuti ndizipita kumudzi. Nanga ine popanda khofi ndine ndani?"

Apo m'pamene kukambirana kwenikweni kunayambira. Anagwirizana kuti a Sosten apite ku chipatala cha ku boma akaonetse maso. Podikira, aziyang'anira kuyanika, kumene mano ndi zala zawo zinali zikadali zakuthwa, ndipo kusankha azitsogolera Loveness, mmodzi wa amayi amene iwo anawaphunzitsa. Mwezi uliwonse azikhalanso pakhonde lomwelo kuona ngati zimene apanganazo zikuyenda.

Komiti inavomera monyinyirika. Kumudzi nako kunazizira. Azakhali a Gift ankayankha moni wa Ivy ndi mphuno, akumati mkamwana wa masiku ano wakwera pamutu pa apongozi. Ivy anapirira. Madokotala a maso atafika ku boma, Ivy mwiniwake anakweza a Sosten m'galimoto ya kopaletivi, n'kukhala kumbuyo monga mwa mwambo. Madokotalawo anawapeza ndi ng'ala maso onse awiri, ndipo anaichotsa.

Tsiku limene anabwerera kuntchito, a Sosten anayenda pang'onopang'ono pakati pa matebulo, manja kumbuyo. Mwadzidzidzi anaima, n'kuloza ndi chala patali ndithu.

"Loveness! Wasankha apa ndani? Njere yakuda iyo ikufuna chiyani pamenepo?"

Amayi anayang'anizana, kenaka nthungululu zinaphulika mpaka agalu a kutsidya anauwa. Sikunaonekepo anthu okondwera ndi kukalipiridwa ngati tsiku limenelo.

Nyengo yogulitsa itakwana, wogula uja anabweranso. Anamasula thumba loyamba, lachiwiri, lapakati, lapansi penipeni. Anafunafuna chokanira, osachipeza. Anatenga khofi yense, n'kupempha kuti wa chaka chamawa amusungire. Alimi anavina pabwalo, Mayi Dinah patsogolo, chitenje chili m'chiuno. Za mavenda panalibenso wozitchula.

Gule atazirala, a Sosten anaimirira pakati pa anthu, azakhali a Gift ali pomwepo.

"Nonsenu munkaona kuti ndikulowera kuphompho," anatero. "Ena munkandisekerera, ena munkandinena kumbali. Mmodzi yekha ndiye analimba mtima kundiuza zowawa, ndipo ndi amene mwambo unkamuloleza kukhala chete. Mukamva wina akunyoza mkamwana wanga, mumutumize kwa ine. Tsopano ndikuona bwino, sindingamuphonye."

Anthu anafa nalo phwete. Ivy anagwada chapatali, maso pansi monga mwa nthawi zonse, koma kumwetulira kunamukanika kubisa. Kuyambira chaka chimenecho, nthawi younika ntchito ikafika, woyamba kufika pakhonde ankakhala a Sosten, ndipo wantchito aliyense wotuluka atakwinya nkhope ankamukokera pambali n'kumuuza kuti asakwiye, pakuti akuluakulu sananame: wakutsina khutu ndi mnansi.