Mano Obiriwira a Mayi Elesi

Pa shopu yosindikiza ya a Ezekiel Mbewe, kuseri kwa msika mu Chipata, panali makompyuta awiri ndi chimakina cholavula zinsalu zolengeza malonda. Kompyuta ya pazenera inali ya Jesca, katswiri wa zithunzi. Ya pakona anaipereka kwa Tiyanjane, mwana wa mlongo wawo wa a Ezekiel, yemwe anali atangomaliza giredi 12.

Tsiku loyamba amalume akewo anamuonetsa kwa aliyense monyadira. "Uyu makompyuta anamwera m'phala kusukulu," anatero. Tiyanjane anangoyang'ana zala zake. Zoona zake n'zakuti kusukuluko kompyuta imodzi ankaiunjirira ana asanu, ndipo iye, pokhala wamanyazi, ankaima kumbuyo n'kumasuzumira pamapewa a anzake. Koma poti amalume anali atamukweza kale mumtengo, kufunsa kanthu kunkamuonekera ngati kugwa chagada anthu akuona.

Lachinayi m'mawa kunabwera Mayi Elesi Zulu, wapampando wa gulu la amayi opera chiponde ku Madzimoyo. Loweruka kunali chionetsero cha zaulimi, ndipo ankafuna chinsalu chachikulu chopachika patebulo lawo.

"Chithunzi ndatumiza kale pafoni yanu, bambo," anauza a Ezekiel. "Anandijambula pakhoma la tchalitchi nditanyamula botolo. Khoma loyeralo lichoke. Kumbuyo kwanga kubiriwire ngati munda wa mtedza mu Januwale."

Jesca anali atapanikizika ndi makadi aukwati, choncho ntchito inagwera Tiyanjane.

"Pakavuta unene, mng'ono wanga," anatero Jesca.

"Ayi, asisi, ndikudziwa," anayankha Tiyanjane.

Anatsegula chithunzicho. Mayi Elesi anali atavala duku yoyera, akumwetulira mano onse pamtunda. Tiyanjane anafufuza mpaka anapeza kachida kosankhira mtundu. Anadina pakhoma, n'kufufuta. Khoma lonse linazimiririka kamodzi n'kamodzi, m'malo mwake munatsala timabokosi totuwa tosonyeza kuti pamenepo palibenso kanthu, n'poonekera ngati galasi. Anatsala pang'ono kuwomba m'manja. Anayala mtundu wobiriwira kumbuyo, n'kulemba dzina la gulu pamwamba.

Pasikirini nkhope ya mayiyo inali yaing'ono ngati chala chamanthu, komabe Tiyanjane anaona kuti duku sikuoneka bwino, ndipo pakamwa pada. Mtima unamuuza kuti aitane Jesca, yemwe anali mapazi atatu okha kuchokera pamene iye anakhala. Koma sanamuitane. Anadzitonthoza kuti mwina ndi sikirini yakaleyi, makina akasindikiza ziwala.

"Jesca waiona?" anafunsa a Ezekiel.

"Zonse zili bwino, amalume," anatero Tiyanjane. Funsolo analizemba dala.

Makina anasindikiza Lachisanu a Ezekiel ali pafoni, ndipo iwo anachipinda chinsalucho osachiyang'anitsitsa. Masana Mayi Elesi anafika ndi mnzawo wa m'gulu, Mayi Molly. Anachitambasula pakhonde, wina uku wina uku.



Pa chinsalucho Mayi Elesi anali wamkulu ngati chitseko, akumwetulirabe, koma mano onse ali biriwiri. M'maso monse moyera munali mobiriwira. Duku inali itasungunukira m'munda wa kumbuyo, moti mutu unathera pachipumi ngati dzungu lodulidwa. Kachida kaja kanali katadya choyera chilichonse, osasiya ngakhale pepala la pabotolo.

Woyamba kuphulika anali Mayi Molly. "Apampando! Chigwada chimenechi munadya chosaphika?"

"Inu a Molly, khalani chete," anatero Mayi Elesi, koma milomo ikunjenjemera ndi chiseko. "Ine ndimatsuka m'kamwa m'mawa uliwonse. Ndani angagule chiponde kwa munthu wa mano a msipu? Ana athawa tebulo lathu!"

A Ezekiel sanaseke. Anayeza nsalu yotsala pamakina ndi dzanja. "Yatsala yokwana chimodzi chokha, ndipo ina ifika sabata yamawa. Chikalakwikanso, amayiwa apita kuchionetsero chimanjamanja. Tiyanjane, chachitika n'chiyani?"

Tiyanjane analakalaka pansi patang'ambika. Anayang'ana mano obiriwirawo, n'kuona kuti manyazi amene ankawathawa amupeza ali aakulu mamita awiri, pakhonde, anthu a mumsika akuloza. Anatembenukira kwa Jesca.

"Asisi, sindidziwa. Kusukulu ndinkangoonerera. Ndiphunzitseni."

"Basi? Mawu ake ndi omwewo?" Jesca anakoka mpando wake. "Khala apa. Chithunzi choyamba chikadali pafoni ya amalume ako, tiyambirenso. Kompyuta ilibe nzeru, mwana iwe. Ukaiuza kuti chotsa zoyera, siidziwa kuti ili ndi khoma, awa ndi mano a munthu."

Anamuonetsa kachida kena, kokhala ndi kabokosi kochonga kuti kazitola zoyera zogundizana ndi pamene wadina pokha, za m'kati mwa nkhope n'kuzisiya. Koma poti duku ndi khoma zinali zoyera zonse, malire ake anafunika kuwalambalala ndi dzanja, kadontho ndi kadontho, chithunzi atachikulitsa.

"Ukatha, yala mtundu wowala kumbuyo, uyang'ane ngati pali pobooka. Ndipo chithunzi chopanda khomacho uchisunge ngati fayilo ya mtundu wa PNG. Ukasunga ngati JPG, khoma lako loyera libwerera ngati mlendo woiwala chipewa."

Tiyanjane anayamba kulambalala malire a dukuyo pang'onopang'ono. Jesca anamunong'oneza kuti iyenso, chaka chake choyamba, anafufuta diresi ya mkwatibwi n'kusiya mutu ndi manja zikuyandama m'maluwa. Tiyanjane anaseka koyamba chiyambire ntchito pa shopupo.

Mayi Elesi anaima kumbuyo kwawo ngati kapitawo. "Mpata wa pakati pa manowo musautseke, mwamva? Ndi umene unakopa a Zulu."

"Unawakopa ali ndi maso abwino," anatero Mayi Molly. "Pano angoona msipu."

Dzuwa lisanapendeke kwenikweni, makina analavula chinsalu chachiwiri. Duku inali mbee, mano ali mbee, mpata uli pomwepo, kumbuyo kuli munda wobiriwira. Mayi Elesi anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anapinda zinsalu zonse ziwiri.

"Choipacho musiye, mayi, titaya," anatero a Ezekiel.

"Mutaye? Ichi ndikachiimika kudimba. Mbuzi za aneba zikaona mano awa sizidzabweranso."

Loweruka madzulo Mayi Elesi anatumiza chithunzi pafoni: tebulo lopanda botolo ngakhale limodzi, amayi ataima pansi pa chinsalu chawo, onse akuonetsa mano.

Masiku ano Tiyanjane amafunsa mpaka Jesca amagwira kumutu n'kumati mwanayu amuthera malovu. Manyazi akamubwerera, amangokumbukira kuti kudimba lina ku Madzimoyo kuli nkhope ya mano obiriwira imene ikulondera ndiwo zamasamba chifukwa cha funso limodzi limene iye analimeza. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.