Botolo Lofiira la a Jekapu

Kale ndithu, njinga zitangoyamba kuoneka m'midzi, kwa Kamphulusa kudali mayi wina dzina lake Nangondo. Iyeyu ndi mwamuna wake, a Jekapu, adali ndi ana amapasa a zaka zitatu, Lekeleni ndi Tsalani. Chaka china mango atapsa, ntchentche zili ng'waa, ana ambiri m'mudzimo adayamba kutsegula m'mimba ndi kutentha thupi. Mapasa aja nawo adagwidwa tsiku limodzi.

Nangondo sadatekeseke. Adakumbukira zimene namwino wa ku chipatala cha kuseri kwa phiri adamuphunzitsa: kuwiritsa madzi, kuthiramo shuga ndi kamchere pamlingo wake, n'kumammwetsa mwana pang'onopang'ono osaleka. Ali mkati mosonkhezera moto, adamva phokoso kubwalo. Posakhalitsa a Jekapu adatulukira akuthamanga, botolo lili m'manja.

"Nangondo, siya zimenezo! Kwabwera munthu wa panjinga, ali ndi mankhwala ochokera kutali. Taona kufiira kwake! Tanunkhiza!"

Kunena zoona, botololo lidali lokongola. Mankhwala ake ankawala ngati mkanda, ndipo papepala lake padali chithunzi cha mwana wonenepa akuseka. Amayi oyandikana nawo adakhamukira pakhomopo, aliyense akufuna kuligwirako.

"Abambo, wauzidwa kuti anawa akudwala chiyani munthuyo?" adafunsa Nangondo.

"Akuti amachiza zonse! M'mimba, malungo, chifuwa, zonse. Nanga iwe madzi akowo ndi mankhwala? Madzi timasamba omwewa?"

Anthu adaseka. Adalimbana mawu mpaka a Jekapu adati, "Chabwino. Iwe mwetsa Lekeleni madzi akowo, ine ndimwetsa Tsalani awa. Tione amene ayambe kudzuka."

Mtima wa Nangondo udakana, koma khamu lonse lidali mbali ya mwamuna wake. Adangomuika Lekeleni pamiyendo n'kuyamba kumumwetsa madzi aja.

Tsiku loyamba botolo lidaoneka ngati lapambana. Tsalani adameza mankhwala otsekemerawo mosavuta, kutsegula kudaleka, ndipo adagona tulo tofa nato. A Jekapu ankayenda khomo ndi khomo kulengeza, amayi ena mpaka kuimba nthungululu. Nangondo akati amupatseko Tsalani madzi, iwo ankamuletsa. "Usamudzutse, mankhwala akugwira ntchito!" Uku Lekeleni ankalavula, kulira, kutsegulabe, mayi ake osatopa ndi kasupuni kawo.

Kutacha, Lekeleni adadzuka yekha n'kunena kuti akufuna phala. Nangondo adalumpha ndi chimwemwe, nathamangira kukaona winayo. Atamugwira Tsalani adachita ngati wagwira mbaula. Maso adali atalowa m'kati, milomo itauma gwaa. Adamutsina khungu la pamimba, khungulo lidangoima osabwerera.

"Abambo a Tsalani! Mwana akupita uyu! Nyamulani Lekeleni, tiyeni!"

Ulendo uno sadadikire yankho. Adamubereka Tsalani, natenga chipanda cha madzi aja, liwiro kulowera kuphiri. A Jekapu ankatsatira pambuyo, Lekeleni ali paphewa, botolo lili m'thumba. Akathamanga pang'ono Nangondo ankaima, kumudonthezera mwana madzi m'kamwa, n'kuyambanso. Dzuwa lisadafike pamutu adali atafika kuchipatala.

Namwino adamulandira mwanayo msangamsanga. Atamuyeza adati, "Uyu watha madzi m'thupi, komanso ali ndi malungo. Awa ndi matenda awiri, ndipo aliwonse ali ndi mankhwala ake. Mwamupatsa chiyani?"

A Jekapu adatulutsa botolo lija mwamanyazi. Namwino adalinunkhiza napukusa mutu.

"Izi zimangomanga m'mimba ndi kugonetsa mwana, matenda ali m'kati akudya. Mukanachedwa mpaka madzulo tikanakamba zina. Winayu bwanji akuoneka wamphamvu?"

"Ndimamumwetsa madzi munandiphunzitsa aja," adatero Nangondo.

"Mwachita bwino, mayi. Koma thupi likatentha, musamadikire. Muzibwera nawo tidzawayeze."

Namwino adamuyezanso Lekeleni, napeza kuti iye malungo alibe. Tsalani adamupatsa mankhwala a malungo, owawa zedi, ndi madzi omwe aja. Adakhala kuchipatalako masiku atatu. Tsiku lachitatu mwanayo adatsika yekha pabedi n'kuyamba kulanda Lekeleni chinangwa. Nangondo adavina pakhonde la chipatala, odwala ena akumuombera m'manja.

Pobwerera kumudzi adapumula patsinde pa mkuyu. A Jekapu, njala itawapweteka, adaona nkhuyu yakupsa bwino, yofiira, yosalala. Adaithyola n'kuiponya yonse m'kamwa. Nthawi yomweyo adadumpha akulavula, akudzipuputa ndevu. Nyerere zidali balala pamilomo, zina zikuwaluma lilime. Ana adafa nacho chiseko, Nangondo misozi ili mbwembwembwe ndi kuseka.

A Jekapu sadaseke. Adatola nkhuyu ina naing'amba pakati, nyerere zili nyakanyaka. Adaiyang'ana nthawi yaitali, kenaka adapisa dzanja m'thumba, natsanulira pansi mankhwala ofiira aja mpaka dontho lomaliza.

"Nangondo, kawiri konse ndapusitsidwa ndi maso angawa. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere."

Atafika kumudzi, a Jekapu adayendanso khomo ndi khomo monga adachitira poyamba, koma tsopano akuuza anthu kuti ataye mabotolo awo n'kuthamangira ndi ana kuchipatala. Pakhomo lililonse ankabwereza mawu aja a nkhuyu, mpaka anthu adawatola n'kukhala mwambi.

Tsono ana inu, mukamva akulu akuti "chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere," akutanthauza kuti kukongola kwa kunja sikunena za m'kati. Chinthu chikhoza kuwala, kununkhira ndi kutsekemera, koma chili ndi zoluma. Musanachikhulupirire, yambani mwaching'amba pakati, kapena funsani amene akuchidziwa.