Kiyi wa Ndaziona

Kalekale, koma osati kale la makolo lija ayi, kale la dzanadzanali mitengo ya zinthu itayamba kale misala, mu Blantyre munali mtsikana dzina lake Ndaziona. Ankagwira ntchito yosita ndi kulongedza mayunifolomu pa shopu ya telala ku Limbe. Makolo ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndiye atakula anakakhala kwa achimwene ake, a Fanuwelo, ku Bangwe. M'nyumbamo munali anthu eyiti, ndipo iye ankagona pabalaza. Zaka zisanu ndi chimodzi, abale anga! Kudikira kuti onse akagone ndiye ayale mphasa, m'mamawa kuipinda alamu ake asanadzuke, zovala kukasinthira kubafa. Chimene ankalakalaka pa dziko lino chinali chimodzi basi: chitseko choti azitseka yekha, kiyi n'kuponya m'chikwama.

Tsiku lina anapeza nyumba ya lendi ku Chilobwe, chipinda ndi balaza, pa poloti ya makomo anayi. Poti sanali wopupuluma, anagula kope n'kuyamba kufunsa akuluakulu kuti munthu wokhala yekha amawononga zingati pamwezi.

Anayamba ndi achimwene ake. A Fanuwelo, munthu wodzitama ndi masamu, anakoka mpando n'kunena kuti, "Iwe, zimenezi n'zophweka. Muno tilimo eyiti. Makala, mafuta ophikira, sopo, mchere, tiphatikize zonse, kenako tigawe ndi eyiti. Gawo lako ndi limenelo." Anagawadi, ndipo nambala imene inatuluka inali yaing'ono yokoma m'maso. Poona chimwemwe cha mlongo wawo, a Fanuwelo anagulitsa njinga yawo n'kumulipirira lendi ya miyezi itatu yoyamba.

Kenako anafunsa eni nyumba, Mayi Nasibeko, mayi wamasiye amene ankakhala pa poloti pomwepo ndi zidzukulu zawo. "Mwanawe," anatero, "mita ya magetsi ndi imodzi, mpopi ndi umodzi. Pano timangosonkherana, ndi tindalama tochepa." Atamva kuti mtsikanayo alibe makolo, anamutsitsira lendi, n'kumubwerekanso bedi.

Pomaliza anaimbira foni azakhali ake, a Nachisale, ku Ntcheu, amene anamulera makolo ake atatsikira kulichete. Azakhaliwo anachita kukuwa: "Ugule ufa m'tauni ine ndili moyo? Fufuta zimenezo! Ufa, nyemba, mfutso, zonse zizichokera kuno." Ndaziona anafufutadi. Ataphatikiza zotsalazo, malipiro ake anakwana, mpaka kutsalako kangachepe kogulira katani.

Tsiku losamuka anatseka chitseko, natsegula, natsekanso, akuseka yekha ngati wopepera. Musamuseke, inu amene simunapindepo mphasa pabalaza pa eni.

Koma mwezi usanathe, kope lija linayamba kunama. Mbaula sidziwa kugawa ndi eyiti, anthuni. Nyemba za munthu mmodzi zimadya makala omwewo amene zimadya nyemba za anthu eyiti. Thumba la makala limene analemba kuti likhala miyezi iwiri linatha m'masabata atatu. A Fanuwelo sanamunamize dala; iwowo chibadwire sanakhalepo okha m'nyumba, ndiye akanadziwira kuti?

Kusonkherana kwa pa poloti kuja nako kunali kwa pakhomo, osati kwa pamutu. Makomo anayi, magawo anayi ofanana ndendende. Ndaziona wa babu limodzi ndi tchaja ya foni, wochoka m'mamawa n'kubwera dzuwa litalowa, ankalipira chimodzimodzi ndi Mayi Nasibeko a anthu naini, ochapa tsiku ndi tsiku, a filiji yoziziritsira thobwa la malonda imene sinkazimitsidwa. Sikuti mayiwo ankaba ayi. Ndi mmene ankachitira chiyambire, amuna awo adakali moyo.

Nanga ufa? Ufa unabweradi, woyera bwino. Kungoti thumba la ufa siliyenda lokha. Loyamba linabwera ndi msuweni wake ndi akazi ake, ati aoneko tauni. Lachiwiri linabwera ndi amalume awiri. Ndipo inu mukudziwa mmene timachitira kwathu kuno: wobwera ndi katundu sumufunsa kuti abwerera liti, ndiponso sungamuphikire mfutso umene wanyamula yekha. Pamafunika tiyi wamkaka, buledi, kanyama, ndipo pobwerera thiransipoti ndi kashuga kopita kwa azakhali. Ufa waulere uja unkamudyera ndalama kuposa ufa wa kumsika, kawiri konse.

Mwezi wachitatu ukutha, Lamulungu masana, Ndaziona anakhala pabedi ndi kope lake. Anawerengera katatu, ndipo katatu konse yankho linali lomwelo: mwezi uliwonse pankaperewera K30,000. Chodula china panalibe. Shuga anasiya kale, chamasana anasiya kale, minibasi ankakwera imodzi yokha, kwinako wapansi. Lachisanu likubweralo lendi inali yoti alipire yekha koyamba. Analira, poti sanaone pamene iye analakwitsa. Anafunsa anthu atatu omukonda, onse anamuyankha ndi mtima umodzi, ndipo onse anamuponya m'dzenje.

Atapukuta misozi anaona kuti dzenjelo likhoza kukwiririka ndi mmodzi yekha mwa atatuwo. Ndiye anayamba kuwayendera.

Lolemba anapita ku Bangwe. A Fanuwelo anagwira mutu, manyazi ali tho. "Pepa mlongo wanga, masamu aja ndi anga. K30,000 imeneyo ndizikupatsa mwezi uliwonse, ngakhale ndivutike. Koma nawenso undithandize. Apongozi anga abwera kudzalandira mankhwala kuchipatala, ndipo adokotala ati zitenga nthawi yaitali. Muno ukuona wekha, malo mulibe. Akakhale kwa iwe. Poti ndi achikulire, uwapatse kuchipinda. Iwe pabalaza unazolowera kale." Ndaziona anangoti, "Ndamva, achimwene."

Lachiwiri anakagwada pakhonde pa Mayi Nasibeko, nayamba mozungulira kuti kodi magetsi ndi madzi sangamagawane potengera kuchuluka kwa anthu. Mayiwo anasiya kutsuka mabotolo a thobwa n'kumuyang'ana mwachisoni. "Mwanawe, filiji imeneyo ndi imene ikudyetsa zidzukulu zanga zamasiyezi. Tikayamba kuwerengana mitu, ine ndagwa. Amene analimo iwe usanabwere anayambitsa zomwezi, mpaka alendi onse anandiukira. Ndinangomupempha kuti apeze kwina. Iwe ndimakuona ngati mwana wanga, usandichite zimenezo." Ndaziona ankadziwa kuti makomo awiri enawo akungodikira woyambitsa, ndipo atagwirizana atatu mayiwo sangawathamangitse onse. Koma pobwerera m'nyumba anakagona pabedi la mayi omwewo.

Lachitatu, asanaimbe n'komwe, foni inalira. Anali azakhali, mawu ali nyadunyadu. "Mwana wanga, Loweruka kukubwera thumba lina, abweretsa alamu ako awiri. Chaka chino chimanga chavuta, koma ndati ine ndigone ndi njala, iwe usagule ufa. Kuno ndimauza aliyense kuti mwana amene ndinalera ndi manja angawa ali ndi nyumba m'tauni, wa kwathu sangagonenso pa depoti." Ndaziona anali atakonza mawu oti, "Azakhali, musamatumizenso." Akanawanena, mudzi wonse ukanamva kuti wakana dzanja limene linamudyetsa ali wamasiye. Anangoti, "Zikomo, azakhali."

Lachinayi madzulo anafika pakhomo pake, natulutsa kiyi m'chikwama, koma sanatsegule. Anangoima pomwepo kumuyang'ana kiyiyo. Mawa ndi Lachisanu. Akavomera za achimwene, nyumba ikhalapo, koma iye azipindanso mphasa pabalaza, m'nyumba yolipira yekha. Akaukira Mayi Nasibeko, alanda chakudya pakamwa pa ana amasiye ngati iye. Akakana ufa, aswa mtima wa mayi amene anamulera. Akangokhala chete, mwezi wamawa kiyiyo abweza.

Ine nkhaniyi yandikanika, ndaitula pamaso panu. Inu amene mwakhala apa, ena ndinu alendi, ena eni nyumba, ena mumatumiza ufa m'tauni. Tandiuzeni, kuti Ndaziona asabweze kiyi wake, akhumudwitse ndani mwa atatuwa: achimwene ake, Mayi Nasibeko, kapena azakhali ake?