Mkokomo Akweza Manja ndi Mapazi Omwe

Kalekale, koma osati kale la makolo athu ayi, kale la pompanoli, mawilibala atabwera kale m'dziko. Mwati bwanji? "Tili tonse" wanuyo sindikumumva. Inu akuluakulu kumbuyoko, pakamwa mwadzaza chimanga chokazinga kodi? Eya, tsopano mwayankha ngati anthu amoyo.

Kunali nkhalango ina yozunguliridwa ndi waya wamagetsi, ndipo m'katimo munkakhala achimpanzi. Chimpanzi, ana inu, ndi m'bale wake wa nyani, koma alibe mchira, ndipo akakuyang'ana m'maso umachita manyazi ngati wakumana ndi apongozi panjira. Onsewo anali opulumutsidwa. Wina anamumasula pa unyolo, wina anamupeza m'bokosi pamalire, wina anamuchotsa kwa munthu wachuma amene ankamuveka kabudula. Ambiri a iwo amayi awo anaphedwa iwo ali makanda. Ndiye anthu achifundo anawasonkhanitsa mmenemo kuti aphunzirenso kukhala nyama.

Moyo unkakoma ndithu. M'mawa kutsika m'zisa zawo za m'mitengo, kuyasamula, kukangana pang'ono, kukumbatirana, kenako kukhala pamthunzi n'kumatolana nsabwe mu ubweya. Dzuwa likafika paliwombo kunkamveka kwii, kwii, kwii. Imeneyo inali wilibala ya mayi Nanthambwe, amene ankawasamalira. Mayiwo ankaponya chakudya pamwamba pa waya: nzimbe, kabichi, mbatata, nthochi ndi mapapaya akupsa.

Koma panali Mkokomo.

Mkokomo chinali chimphona, chifuwa ngati chitseko. Anakulira kuseri kwa bala, womangidwa pamtengo wa mango. Oledzera ankamuonetsa chipisi, iye akatambasula dzanja iwo n'kubweza, n'kumaseka. Ndiye anaphunzira chinthu chimodzi chokha pa moyo wake: chimene waona, tsomphola. Wilibala ikangolira, ubweya wake wonse njo! Liwiro kumgolo wamadzi n'kuumenya, gu gu gu gu, mpaka anzake onse balalabalala. Akatero n'kubwera pachakudya paja. Dzanja ili nthochi, dzanja ilo nzimbe, phazi ili papaya, phazi ilo papaya, kukamwa papaya lina. Zotsala n'kuzikhalira ndi matako. Anzake ankatola makoko ndi zitsinde za kabichi. Dyera lotere ine limandinyansa, ndisakubisireni.

Achinyamata ankapirira, popeza chitsinde cha kabichi chimatafunika. Amene anaona zakuda ndi a Chibwano, nkhalamba yopanda dzino ndi limodzi lomwe. Mano anawazula anthu amene ankajambulitsa nawo alendo zithunzi, kuopa kuti angalume munthu. Nzimbe sakanatha, mbatata sakanatha. Chawo chinali papaya lofewa basi, ndipo papayalo linkathera m'mimba mwa Mkokomo. Nkhalamba inaonda mpaka nthiti kuonekera kunja.

Panalinso kachimpanzi kakakazi, dzina lake Kambuzi. Sikanali kamwana ayi, koma thupi linakana kukula chifukwa kanakulira m'dengu lotsekera nkhuku. Dzinalo kanalitengera ku tsabola uja wamng'ono koma wowawa, ndipo pakamwa pake panali pomwepo. Tsiku limene kanafika m'nkhalangomo, amene anakabereka kumsana anali a Chibwano.

Tsiku lina Kambuzi ali pafupi ndi waya anamva mayi Nanthambwe akulankhula ndi dokotala wa zinyama.

"Nkhalambayi ikutha, adokotala. Ikapitiriza chonchi tiyichotsa. Tikayitsekera m'kakhola kazitsulo kuchipatala kuja, tizikayimwetsa phala payokha."

Mayiwo ankanena mwachifundo. Koma Kambuzi atakauza a Chibwano, nkhalambayo inangokhala pansi khwatha.

"Mwana wanga," iwo anatero, "ine zitsulo ndakhalamo kuyambira ndili mnyamata mpaka imvi. Ndikalowamonso sindidzatulukamo. Ndidzangotembenukira kukhoma, basi."

Kambuzi mtima unamupweteka kwabasi. Mawa lake wilibala italira, Mkokomo atakhalira mulu wake, iye anapita mogwada.

"Bwana, zikomo. Kapapaya kamodzi kokha ka a Chibwano."

"Mano awo ndinazula ndine?"

"Ayi bwana, koma akapanda kudya awatsekera m'zitsulo."

"Akadye zitsulozo. Choka apa iwe, ukunditsekera mphepo."

Kupempha kwakanika. Mawa linalo Kambuzi anayesa kuba. Anakwawa mu udzu, nyang'anyang'a, nyang'anyang'a, papaya tsompho! Koma asanathamange n'komwe, chidzanja chija gwi pamwendo. Anamuzunguza m'mwamba n'kumuponya patchire, phofo. Papaya n'kubwerera kwa mwini wake.

Ndiye ali chigonere patchirepo, nthiti zikuwawa, anaona chinthu chimene anali asanachionepo. Mkokomo atakhuta anapita pamtengo n'kuyamba kukhula msana, khwee, khwee, khwee. Akhule apa, akhule apo, nkhope yonse makwinya. Kambuzi anaganiza: kodi chimphonachi alipo amene anachitolapo nsabwe? Palibe. Kuseri kwa bala akanamutola ndani? Ndipo kuno aliyense woyandikira ankalumidwa. Mkokomo sankadziwa n'komwe kukoma kwa zala za mnzako mu ubweya. Kambuzi anaseka yekhayekha mpaka nthiti kuwawanso.

Anathamangira kwa nkhalamba ija. "A Chibwano, paja munati kwanu kunkhalango yaikulu ankatolana nsabwe mwa mtundu wina?"

"Ee. Awiri amakhala moyang'anana, n'kugwirana dzanja limodzi m'mwamba chonchi, linalo n'kumafufuza m'khwapa mwa mnzake."

"Tiphunzitseni tonse, lero lomwe."

Madzulo amenewo Kambuzi anazungulira aliyense, kunong'oneza uyu, kunong'oneza uyo. Ena anaopa. Mnzake wapamtima, Dorika, anati, "Iwe Kambuzi, ukufuna atiphe?"

"Akakuluma, udzandilume ine kawiri," anatero Kambuzi.

Kutacha, dzuwa paliwombo, kwii, kwii, kwii. Mkokomo ubweya njo, kumgolo, gu gu gu gu. Atatembenuka kuti aone anzake akubalalika, anapeza palibe wothawa. Palibenso woyang'ana chakudya. Onse ali awiriawiri pamthunzi, manja m'mwamba, milomo ikulira mwa, mwa, mwa, kutolana nsabwe. Iye anatola zake monga mwa nthawi zonse, dzanja ili nthochi, dzanja ilo nzimbe, mapazi mapapaya, kukamwa papaya, zotsala n'kuzikhalira. Koma maso ali kwa anzake. Munthu wadyera, ana inu, chimamupweteka kwambiri si njala, koma kuona mnzake akukondwa ndi chinthu chimene iye alibe.

Analavula papaya lija. "Iwe Kambuzi, n'chiyani chimenecho?"

"Aa, si kanthu bwana, idyani. Ndi zakwathu kunkhalango yaikulu. Inu simungazidziwe, paja munakulira kubala."

"Ndani wakulira kubala? Ndimazidziwa bwinobwino zimenezo."

"Ndiye mukudziwanso kuti ife anthu wamba timakweza dzanja limodzi, koma akuluakulu amawakweza onse awiri."

"Ndikudziwa. Bwerani kuno, ine onse awiri."

"Koma manja anu ndi odzaza, bwana."

Mkokomo anayang'ana nthochi, anayang'ana nzimbe. Anaziika pambali pomwepo, pafupi ndi ntchafu, n'kubwezera papaya kukamwa. Dorika anagwira dzanja lamanja, wina lamanzere, onse m'mwamba. Zala zinalowa m'khwapa. Mkokomo anadzidzimuka, anafuna kuluma, koma pakamwa panali papaya. Zala zinapitiriza, pang'onopang'ono, kupatula ubweya, kutola, kukanda. Maso a chimphona anayamba kuchepa.

Kambuzi anaima patali n'kuusa moyo mokweza. "Mhuu, zachisoni. A Chibwano amati mkulu wa kwawo uja ankamugwira ndi mapazi omwe. Koma ameneyo anali mkulu weniweni."

"Mmmf, mmmf," anatero Mkokomo, papaya lili kukamwa, uku akugwedeza miyendo.

"Mukuti mapazi omwe, bwana? Nanga mapapayawo?"

Mapapaya awiri aja gubudu, gubudu, pansi. Awiri ena anagwira mapazi. Tsopano tandiuzeni, munthu amene manja ali m'mwamba, mapazi ali m'mwamba, amakhala bwanji? Amagwa chagada. Mkokomo anapendekeka, anapendekeka, phi! Mulu wonse umene anaukhalira unatsala poyera.

"Musadere nkhawa bwana, tikukuyang'anirani," anatero Kambuzi. "Mugubuduzeni, anzanga, kumsana ndiye kuli ntchito. A Chibwano, bwerani, kumeneku n'kwa akatswiri."

Nkhalamba inabwera ikudzikoka n'kukhala kumsana kwa chimphona. Abale anga, zala za a Chibwano! Zinapeza nkhupakupa imene inakhala pakati pa mapewa kuyambira nthawi ya mvula, thothoo. Zinapeza nkhanambo za unyolo m'khosi, n'kuzisisita bwinobwino. Mkokomo anabuula. Nsagwada zake zinalefuka, pakamwa yasa, papaya lomaliza lija gubudu. Posakhalitsa kunamveka mkonono, fooo, fooo.

Ndiye inayambika ntchito! Dzanja limodzi likutola nsabwe, phazi likukankhira papaya kwa mnzake, mnzakeyo kwa mnzake, mpaka pamiyendo pa a Chibwano. Nkhalamba inaviika nkhope yonse m'papaya, fwee, fwee, madzi akuyenderera m'ndevu. Linatha loyamba, linatha lachiwiri. Enawo nzimbe khwa, khwa, nthochi kumeza osatafuna, ana akudumphadumpha m'mitengo osatulutsa mawu, kuopa kudzutsa bwana. Kambuzi ankaseka chogwira pakamwa, misozi ili mbwee.

Mkokomo atadzuka anapeza makoko okhaokha. Kunali fumbi tsiku limenelo. Mgolo anaumenya mpaka kupindika, nthambi anathyola, onse anathawira kunsonga za mitengo.

"Iwe Kambuzi, wandipusitsa."

"Ine, bwana? Munati manja onse, tinakupatsani. Munati mapazi omwe, tinakupatsani. Chimene tinakumanani n'chiyani?"

"Mawa muona. Ngakhale khoko simulilawa."

Dorika ananong'oneza, "Ndiye tapindulanji? Tsiku limodzi silinenepetsa nkhalamba." Ndipo ankanena zoona, chifukwa mayi Nanthambwe anali atatsuka kale kakhola kazitsulo kaja, katayanikidwa padzuwa kuseri kwa waya. Kambuzi anangoti, "Dikira. Mawa aliyense asamuyandikire."

Mawa lake Mkokomo anasesa zonse, ngakhale zitsinde za kabichi, n'kukhala pamwamba pake ngati nkhuku yofungatira. Anzake anakakhala patali, awiriawiri, manja m'mwamba. Iye analuma nthochi, sinakome. Analuma papaya, silinatsike. Msana unayamba kuyabwa pamalo pomwe paja. Anapita pamtengo, khwee, khwee, koma mtengo ndi mtengo, ulibe zala. Anabwerera pamulu. Anayang'ana uku ndi uku ngati palibe akumuona, kenako anakweza dzanja limodzi m'mwamba, yekhayekha. Palibe anabwera. Analikweza mpaka linatopa.

Ine pamenepa ndimamumvera chisoni Mkokomo, ngakhale anali woipa mtima. Chimphona chonse chija, dzanja lili m'mwamba, maso ali pansi.

"Kambuzi," anaitana, mawu atatsika.

"Wawa, bwana."

"Aja a dzulo aja. Akumsana aja. Anali ndani?"

"A Chibwano, bwana."

"Auze abwere."

"Sangathe, alibe mphamvu, njala. Komanso akuchoka. Simukukaona kakhola ako? Akawatsekera kuchipatala, ndipo akuti sadzabwerako."

Mkokomo anayang'ana kakhola kaja nthawi yaitali. Zitsulo ankazidziwa, fungo lake ankalidziwa. Anadzuka pamulu paja. Anayamba kubofya mapapaya ndi chala, ili ayi, ili ayi, mpaka anapeza lofewa kuposa onse. Anayenda ndi miyendo itatu, papaya lili m'dzanja, onse akumupatukira. Atafika kwa nkhalamba analiika pansi mwaukali, ngati wina wamukakamiza.

"Idyani msanga, madala. Musandichedwetse."

A Chibwano anadya osafulumira, ananyambita zala chimodzichimodzi, kenako anati, "Tembenuka, mwana wanga."

Mawu amenewo Mkokomo anali asanawamvepo chibadwire. Anatembenuka n'kukhala phee, mutu pansi. Kumbuyo kwake mulu uja unali ukutha, iye akumva bwinobwino nzimbe zikulira khwa, khwa, koma sanacheuke.

Kuyambira pamenepo, wilibala ikalira mgolo ankaumenyabe, poti khalidwe silifa tsiku limodzi. Chakudya ankatsompholabe chambiri kuposa aliyense. Koma papaya lofewa ankasankha yekha, ndipo tsoka kwa amene angalikhudze lisanafike kwa a Chibwano. Nthiti za nkhalamba zinabisala. Tsiku lina mayi Nanthambwe anabwera ndi dokotala uja, anaima pawaya, anayang'ana, anayang'anitsitsa.

"Adokotala, nkhalambayi yadya chiyani?"

Kakhola kaja anakabweza kosungira katundu kali kopanda kanthu.

Nthano yanga yapsa, iphuleni isanapserere. Inu ana, wadyera musalimbane naye, adzakuthyolani nthiti. Muonjezereni zoti agwire mpaka manja amuthere. Ndipo inu akuluakulu amene mukuseka kwambiri kumbuyoko, sekani bwino, chifukwa amene mwamumana lero ndi yemweyo amafikira pamene dzanja lanu silifika.