Sikelo ya M'manja

Lachiwiri lililonse chipinda cha sikelo pa chipatala china chaching'ono chinkadzaza dzuwa lisanafike patali. Amayi ankakhala mothithikana pa mabenchi atatu, ena n'kungotsamira khoma, ana akulira mosinthana ngati achita kupangana. Kutsogolo kunali tebulo, patebulopo mulu wa makhadi a ana, ndipo kuseri kwa muluwo kunkakhala namwino wamkulu amene aliyense ankamutchula kuti a Changu. Dzinali silinangobwera. Mayiwa anali atagwira ntchito ya amayi ndi ana zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo mzere umene anzawo ankalimbana nawo mpaka masana, iwo ankaumaliza isanakwane teni koloko.

Chinsinsi chawo chinali poyera. Sikelo inalipo, yabwinobwino, yooneka ngati beseni, pakona pafupi ndi zenera. Koma kuyeza khanda kumafuna kudekha. Ulivule zonse mpaka thewera, uligoneke, udikire lisiye kuphiriphitha kuti muvi uime, ulembe, upukute sikeloyo, ndiyeno mayi alivekenso. A Changu ankaona zonsezi ngati kutaya nthawi. Ankangotambasula manja, mayi n'kuwapatsa mwana momwe wabwerera, ndi mabulangete ake omwe. Ankamutukula kawiri, n'kusuzumira nambala ya mwezi watha pa khadi, n'kuwonjezerapo pang'ono, basi kuitana wotsatira.

Namwino wa katemera, yemwe ankagwira ntchito m'chipinda choyandikana nacho, anawatsina khutu kangapo.

"Anzanga, manja amenewa tsiku lina adzakunamizani. Mwana amayezedwa atavula."

"Inu bayani majekeseni anuwo, za makilo mundisiyire," a Changu ankayankha uku akuseka. "Manja awa anyamula ana ambiri kuposa sikelo iyo. Ndinayamba ntchito imeneyi inu musanadziwe kumanga bandeji."

Tinene zoona, kawirikawiri sankaphonya kwambiri, ndipo chimenecho ndicho chinawawononga. Munthu amene makani ake amamuyendera bwino zaka zambiri, amafika poyesa makaniwo ngati nzeru. Amayi nawonso ankawakonda chifukwa ankabwerera kunyumba msanga.

Pakati pa amayi a mzere umenewu panali mtsikana wina wosoka zovala, mkazi wa dalaivala wa lole. Mwana wake anali woyamba, wamwamuna. Kamwanako kankazizira manja ndi mapazi, choncho mayi ankakaveka majuzi awiri, chipewa, masokosi, n'kukakulunga m'mabulangete awiri. Panalinso chifukwa china chimene sankachitchula. Pa benchi ya sikelo amayi amafanizira ana, wina kuonetsa masaya a wake, wina ntchafu, ndipo telalayu ankachita manyazi ndi timiyendo ta mwana wake.

Mwana atakwanitsa miyezi itatu, mayiyo analimba mtima pa tebulo paja.

"Anamwino, mwanayu akamayamwa akumatopa msanga. Amangoyamwa pang'ono n'kusiya, thukuta lili kamukamu pamphumi."

A Changu anamutukula kawiri monga mwa masiku onse, n'kulemba.

"Ndi woyamba eti?"

"Eya, anamwino."

"Ndimadziwa. Mwana woyamba amadwala matenda onse amene ali m'mutu mwa amake. Taonani mzere uwu pa khadi. Ukukwera kapena ukutsika?"

"Ukukwera."

"Ndiye mwana wodwala mzere wake umakwera chonchi? Pitani mukamuyamwitse, musiye kumuyang'anitsitsa."

Amayi a pa benchi anaseka, ndipo telala nayenso anaseka nawo kuti abise manyazi. Anabwerera kwawo mtima utakhalako m'malo.

Koma telala ndi munthu wa miyeso. Malaya amene anasokera mwana wake wa miyezi itatu, pa miyezi isanu anali akumukulirabe. Mwamuna wake, yemwe ankachoka milungu iwiri kapena itatu ndi lole, ankaona kusiyana kumene munthu wokhala ndi mwana tsiku ndi tsiku sakuona msanga. Tsiku lina atangofika, anamunyamula mwanayo n'kuitana mkazi wake.

"Amake mwana, mnyamatayu akundichepera m'manja. Tiyeni tipite naye ku chipatala chachikulu."

Mkaziyo anatulutsa khadi m'chikwama n'kumuonetsa mzere wokwera bwino uja.

"Bambo, anamwino akuti ali bwino. Iwowo anaphunzira. Ife tikudziwa chiyani?"

Mwamunayo anayang'ana khadi, anayang'ana mwana, n'kugonja. Pepala lolembedwa ndi munthu wa yunifomu limalemera kuposa maso a bambo.

Komabe mawu a mwamuna wake anamukhala mayiyo pamtima. Lachiwiri lotsatira la sikelo, atafika pa tebulo, sanapereke mwana msanga.

"Anamwino, pepani. Lero mungamuikeko pa sikelo iyo?"

A Changu anatsitsa magalasi n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwana wanga, ine ndikabwera kwanu ndi nsalu sindikuuzani posokera batani. Cheukani muone anzanu akudikira. Tikayamba kuvula mwana aliyense pano, mutuluka dzuwa litapendeka."

Kumbuyo amayi anayamba kung'ung'udza. Wina anati ena amabwera ku sikelo ngati alibe zochita kunyumba. Telala anapereka mwana uja ndi mabulangete ake, a Changu anamutukula kawiri, n'kulemba makilo asanu ndi awiri ndi theka.

Patapita milungu itatu mwana anayamba kutsokomola. Lachinayi m'mawa kupuma kwake kunali kwa befu, milomo itada. Mayi anathamanga naye ku chipatala chija, ndipo mwamwayi linali tsiku limene dokotala ankabwera kuchokera ku chipatala chachikulu. Dokotalayo anatenga khadi kuti aone makilo, popeza mankhwala a khanda amaperekedwa potengera kulemera kwake. Anali atayamba kale kulemba pamene anauza mayiyo kuti amuvule mwana, amve m'chifuwa.

Bulangete loyamba linachoka, lachiwiri linachoka. Juzi yoyamba, juzi yachiwiri, kenako malaya. Chimene chinatsala pa bedi chinaimitsa cholembera cha dokotala. Nthiti zonse zinkawerengeka, khungu la m'ntchafu lili lende, kachifuwa kakukwera ndi kutsika mofulumira. Namwino wa katemera, yemwe ankathandiza dokotala tsiku limenelo, anagwira pakamwa.

Dokotala anayang'ananso khadi, n'kufunsa mayiyo ngati sanasinthanitse ndi la mwana wina. Mayi anati ndi lake lomwelo. Pamenepo anatuma namwino wa katemera kuti akatenge sikelo, ndiponso akaitane a Changu.

A Changu analowa akupukuta m'manja, ali ndi nthabwala yokonzeka pakamwa. Itangotsala pang'ono kutuluka, anaona mwana ali pa sikelo. Muvi unagwedezeka pang'ono n'kuima pa makilo anayi ndi kachidutswa.

Dokotala anatsata khadi ndi chala kubwerera m'mbuyo mpaka pa mwezi wachiwiri, pomwe panali malembedwe a dzanja lina. Mwezi umenewo a Changu anali patchuthi, ndipo mwanayo anayezedwa ndi namwino wa katemera, pa sikelo. Nambala ya tsiku limenelo ndi ya lero zinali pafupifupi zofanana. Miyezi inayi yathunthu mwana sanakule, pomwe mzere wa pa khadi unkangokwera.

"Anamwino, ndani wakhala akumuyeza mwanayu?" anafunsa dokotala motsitsa mawu.

"Ndine, adokotala," anayankha a Changu.

"Pa sikelo iti?"

A Changu anayang'ana manja awo.

"Ndikanamaliza kulemba mankhwalawa potengera khadi ili, ndikanamupha ndi dzanja langa," anatero dokotala. Anamvetsera m'chifuwa mwa mwanayo nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa mayi ake. "Chibayo chilipo, koma pansi pake pali china. Mtima wake uli ndi vuto lobadwa nalo. N'chifukwa chake ankatopa poyamwa, n'chifukwa chake sankakula. Tikumutumiza ku chipatala chachikulu pompano."

Telala sanalire. Anangoyang'ana a Changu ngati munthu amene akumuona koyamba.

Ambulansi itaima pakhomo, mayi anali akutolera zovala, choncho a Changu ndi amene ananyamula mwana kuchoka pa sikelo, atamufunditsa kansalu kamodzi kokha. Kanali koyamba kumugwira wopanda mabulangete. Manja amene ankawadalira aja anakweza mwana mopitirira, chifukwa ankayembekezera kulemera kumene kunalibe. Anayenda naye mpaka pa galimoto.

Masana amenewo anakhala pa tebulo lawo akuyang'ana mulu wa makhadi. Khadi lililonse linali ndi malembedwe awo, ndipo sankadziwanso kuti nambala yoona ndi iti. Namwino wa katemera anawabweretsera madzi akumwa, anawaika pambali n'kutuluka. Sanawakumbutse zimene ankawauza zija, ndipo a Changu akanakonda akanawalalatira.

Lachisanu ndi Loweruka chakudya chinawakanika. Ankaimbira foni mnzawo wina wogwira ntchito m'wodi ya ana ku chipatala chachikulu, ndipo yankho linali limodzimodzi: mwana ali pa mpweya, thupi lake ndi lofooka kwambiri, madokotala akuyesetsa. Lamlungu masana anavala zovala wamba n'kukwera basi. Njira yonse ankakonza mawu opepesera, kuwasintha, kuwakonzanso. Anali okonzeka kutukwanidwa, ngakhale kumenyedwa mbama pamaso pa anthu.

Atalowa m'wodi anawerenga mabedi mpaka pa lachisanu ndi chimodzi, limene anawauza. Nsalu zinali zitachotsedwa, patsala matiresi okha. Dalaivala uja anali ataima pa zenera, atafulatira aliyense. Mkazi wake anakhala m'mphepete mwa bedi akupinda timalaya n'kumatiika m'chikwama, kamodzikamodzi, mosamala ngati pali amene adzativalenso.

Anadzutsa mutu n'kuwazindikira.

"Anamwino, mwabwera."

"Mwana wanga..." A Changu anayamba, koma mawu onse a m'basi aja anali atabalalika.

"Watisiya m'mawa uno," anatero mayiyo. Mawu ake anali osalala, opanda mkwiyo, ndipo zimenezo ndizo zinaopsa kwambiri. "Adokotala akuti tikanabwera naye ku chipatala miyezi itatu yapitayo, ali ndi mphamvu, akanatha kumuthandiza. Andifunsa kuti ndinali kuti nthawi yonseyi. Ndawauza kuti ine ku chipatala ndinkabwera mwezi uliwonse, sindinajombe ngakhale kamodzi."

Panalibe chowonjezera, panalibenso chochotsera. Mtsikanayo anachita zonse zimene mayi amauzidwa kuchita: anabwera, ananena zimene ankaona, anapempha sikelo. Anagogoda paliponse, koma kwa munthu amene anatsimikiza kale kuti palibe chimene angauzidwe kunalibe polowera. Akuluakulu sananame pamene anati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.