Telala Amene Anapala Khoma Lake

Panali munthu wina, telala, dzina lake Chagunda. Ankakhala m'tauni yaing'ono ya kuchigwa, kumene mtsinje umayenda mwaulemu miyezi khumi, miyezi iwiri yotsalayo n'kumayenda mmene ukufunira. Nyumba yake inali ya njerwa zootcha, yamalata, ya zipinda zitatu ndi khonde limene ankasokerapo. Anaimanga pang'onopang'ono zaka zisanu ndi zinayi, posoka mayunifolomu a ana asukulu ndi madiresi a ukwati.

M'nyumbamo ankakhala awiri okha, iye ndi mkazi wake Nangondo. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Tiyese, anakwatiwa ku Lilongwe. Maso a Nangondo anayamba kuchita chifunga ali ndi zaka makumi asanu, ndipo posakhalitsa anasiyiratu kuona. Koma mlendo wofika pakhomopo sakanadziwa msanga. Mayiyo ankachoka kuchipinda kupita kukhitchini osagunda kanthu. Ankadziwa pamene pali mchere, pamene pali ndowa, ndi chitseko chimene chimafuna kukankha ndi bondo. Nyumbayo anaiphunzira akuona, manja ake n'kuisunga.

Kwa mwana wake anapitako kamodzi kokha chichitireni khungu. Anakhala sabata ziwiri pampando umodzi, kudikira womugwira dzanja ngakhale popita kuchimbudzi. Atabwerako analira, ndipo anapempha mwamuna wake kuti asadzamutumizekonso.

Chaka china mtsinje unalowa m'nyumbamo. Madzi anafika m'mawondo, anakhala masiku awiri, n'kubwerera. Anasiya mzere wa matope kuzungulira makoma onse, wowongoka ngati wojambula ndi lula. Chagunda ankadana nawo mzerewo. Pamene ankagula malowo alamu ake anamuletsa, anati m'pamunsi, iye n'kuumirira chifukwa malowo anali otchipa. Tsopano khoma lake lomwe linkamukumbutsa tsiku ndi tsiku kuti alamu ake ananena zoona, ndipo mwamuna amapirira zambiri, koma zimenezi zimamuvuta. Anasunthirako kabati, kwina anaikako mipando, ndipo nkhani ya madzi sinkatchulidwa pakhomopo.

Tsiku lina Tiyese anaimba foni.

"Ababa, ndalankhula ndi a kampani ya inshuwalansi. Abwera Lachinayi kudzaona nyumba. Munthu umalipira chaka ndi chaka, ndiye nyumba ikaonongeka iwo amathandiza kumanganso. Muwayankhe zonse zimene adzafunse."

Pa mawu onsewo Chagunda anamvapo chimodzi: kukubwera mlendo. Ndipo inu mukudziwa zimene timachita kukamabwera mlendo. Timasesa mpaka kuseri kumene mlendoyo sadzafikako, timabisa mbale yobooka, timachapa nsalu ya patebulo. Lachitatu m'mawa Chagunda anagula laimu, anabwereka bulashi, n'kupaka makoma onse kawiri. Pofika masana nyumba inali mbee, mzere wa matope osaonekanso. Anaima pakati pa balaza manja ali m'chiuno, mtima uli m'malo.

Lachinayi kunabwera mayi wina waulemu, Mayi Dzimbiri, atanyamula chikwama cha mapepala. Chagunda anamupatsa mpando wabwino, Nangondo anabweretsa thobwa n'kubwerera kuchipinda. Atalonjerana, mlendoyo anayendera nyumba, anayang'ana denga, anagogoda mafelemu a mawindo, kenako anakhala pansi n'kutulutsa fomu.

"Bambo, madzi anayamba alowapo m'nyumba muno?"

"Madzi? Ayi ndithu, mayi. Kuno n'kwabwino. Madzi amathera kwa anzathu kumunsiko."

Chagunda sanaone ngati wanama. Anayankha mmene timayankhira moni, munthu mutu ukumuwawa koma n'kunena kuti wadzuka bwino. Mlendo sauzidwa zamanyazi za pakhomo tsiku loyamba. Komanso mumtima ankaopa kuti kutchula madzi m'nyumba n'kuwaitana.

Mayi Dzimbiri anayang'ana makoma oyerawo n'kugwedeza mutu movomera.

"Chabwino. Ndiye tilemba za moto, za akuba, ndi za mphepo yosasula denga. Za madzi osefukira kukampani kwathu n'zapadera, zili ndi mtengo wakewake. Amene sakhala kofika madzi timangowadumphira."

"Dumphani, mayi," anatero Chagunda.

Mumtima ankati nyumba ndi nyumba. Ikagwa ndi moto kapena ndi madzi, yagwa basi, ndipo kampani yaikulu ngati imeneyo singayambe kufunsa kuti waigwetsa ndani. Anasaina. Anaperekeza mlendo wake mpaka pamsewu, anamulozera njira ya kudepoti, n'kubwerera akuimba kanyimbo ka kutchalitchi.

Atalowa anapeza Nangondo atakhala pansi pabalaza, pafupi ndi khoma. Chikhatho chake chinali pakhomapo, pa msinkhu wa bondo, ndipo ankachiyendetsa pang'onopang'ono.

"Mayi a Tiyese, mwagwa?"

"Sindinagwe. Bwerani, ndipatseni dzanja lanu."

Anagwada n'kumupatsa. Nangondo analiika pakhoma, pamwamba. Panali posalala. Analitsitsa pang'ono. Pamenepo pulasitala anali wokhakhala, wofumbutuka, ndipo laimu sanabise kanthu ku zala.

"Ine mzere umenewu ndimauona tsiku lililonse," anatero Nangondo. "Mlendo uja mwamupatsa mpando, mwamupatsa thobwa, mwamuperekeza. Chimene anadzera simunamupatse."

"Nanga ndikanamuonetsa matope? Munthu wochokera kutali, tsiku loyamba?"

"Si mlendo wa ukwati ameneyu, bambo a Tiyese. Ndamumva bwino ndili kuchipindako. Wanena kuti madzi mulibe m'pepalamo."

Nangondo sanakweze mawu, ndipo dzanja la mwamuna wake sanalisiye.

"Sindikukudzudzulani za malo. Munagula amene munakwanitsa, ndipo ndakhalamo mokondwa. Koma nyumba ino ikadzagwa osamangidwanso, inu mudzapeza khonde lina n'kumasoka. Ine adzanditengera ku Lilongwe, adzandikhazika pampando uja. Nyumba ina sindingaiphunzirenso. Ndikuopa, bambo a Tiyese."

Zaka makumi atatu ndi zisanu ali limodzi, Chagunda anali asanamvepo mkazi wake akunena kuti akuopa. Pamene maso ankapita sananene. Pamene madzi analowa sananene. Manyazi anamugwira Chagunda, osati a matope ayi, koma akuti pofuna kuoneka bwino kwa munthu wa tsiku limodzi anaika pangozi munthu wa moyo wake wonse. Anamukonda mkazi wake pamenepo kwambiri.

Anadzuka n'kupita kukhitchini. Anatenga mpeni, anakankha kabati, n'kuyamba kupala khoma la pabalaza, lomwe lija mlendo aliyense amayamba kuliona akangolowa. Laimu wadzulo anayoyokera pansi. Anapala kuyambira pachitseko mpaka pawindo, mzere wa matope n'kutulukanso wonse. Kenako anakwera njinga osasamba n'komwe m'manja.

Kudepoti anapeza Mayi Dzimbiri atakhala kale m'minibasi imene inkadikira kudzaza. Anaima pawindo, tsitsi ndi malaya zili mbuu ndi laimu, anthu onse akumuyang'ana.

"Mayi, pepani. Ndakunamizani. Madzi analowa m'nyumba mwanga mpaka m'mawondo. Tiyeni mukaone."

Kondakitala anaseka, ndipo ena m'minibasimo anaseka naye. Mayi Dzimbiri sanaseke. Anatenga chikwama chake n'kutsika.

Atafika anayang'ana khoma lopalidwalo nthawi yaitali. Anajambula mzerewo ndi foni, anauyeza kuchokera pansi, n'kung'amba fomu yoyamba ija.

"Mwachita bwino, bambo. Ndi pepala loyamba lija, madzi akanagwetsa nyumba sitikanakupatsani kanthu, chifukwa mulibemo. Ndiponso zikanadziwika kuti munabisa, ngakhale zimene zinalembedwazo zikanavuta. Ife timalonjeza potengera zimene mwatiuza."

"Ndiye tsopano mundikana?"

"Sindikudziwa. Ndikapereka kwa akuluakulu, ndipo sindikulonjezani chimene sichili m'manja mwanga. Akavomera, mtengo ukwererapo."

Ulendo uno Nangondo sanabwerere kuchipinda. Anakhala pambali pa mwamuna wake n'kufunsa mafunso amene iye sakanawaganiza. Kodi makina osokera alimo? Analimo, bola alembedwe ndi kujambulidwa. Nanga nkhuku, mpanda, ndiwo za kudimba? Zimenezo munalibe. Kodi lonjezolo liyamba lero? Ayi, kukampani imeneyo linkayamba patapita masabata angapo, kuti munthu asamathamangireko mitambo itada kale. Nanga chaka chikatha iwo n'kuiwala kulipira? Ndiye kuti lonjezo lathanso. Mayi Dzimbiri anawalangiza kuti pepalalo asalisunge pansi pa matiresi, ndipo lina lofanana nalo alitumize kwa Tiyese.

Patapita sabata zitatu yankho linabwera. Anavomera, pa mtengo wokwera, ndiponso anati akumbe ngalande kuseri kwa nyumba. Chagunda anakumba. Anayambanso kulandira ntchito zimene kale ankazikana kuti n'zonyozeka kwa telala wa msinkhu wake, zigamba za mathalauza ndi mazipi a zikwama. Anzake a pabawo ankamuseka. Ankati Chagunda akudyetsa kampani ya m'tauni chifukwa cha madzi amene sanabwere. Chaka choyamba madzi sanabweredi. Chachiwiri sanabwere, ndipo kuseka kunakula. Iye ankangoweramira makina ake, ndipo mvula isanayambe ankapita kukalipira.

Chaka chachitatu mvula inagwa masiku anayi osalekeza. Tsiku lachisanu, cha m'ma teni koloko m'mawa, mtsinje unabwera m'misewu. Chagunda anabereka mkazi wake kumsana, nkhalamba kubereka nkhalamba inzake, n'kuwoloka madzi a m'chiuno mpaka kusukulu ya pamtunda, kumene anthu ankathawira. Madzi ataphwa anapita kukaona. Khoma lakuseri linali litagwa pamodzi ndi chipinda chawo chogona, makina osokera ali m'matope. Anaima pamenepo n'kulira, chifukwa pepala silichotsa chisoni cha munthu amene wamanga zaka zisanu ndi zinayi.

A kukampani anabwera, anayeza, anajambula, anafananiza ndi zithunzi zakale zija. Sizinayende mwamsanga, ndipo si zonse zimene zinabwezedwa. Koma anamuuza kuti nyumba imangidwanso, ndipo Chagunda anapangana ndi mmisiri kuti maziko akwere, koma chitseko chilichonse chibwerere pamalo pake.

Tiyese anafika kusukuluko ndi galimoto ya mwamuna wake kudzatenga mayi ake, chifukwa m'kalasi modzaza anthu simunali mokhala munthu wosaona. Nangondo anakhala pamkeka atagwira kathumba ka zovala, nkhope ili pansi.

"Amayi, tiyeni," anatero Tiyese. "Takukonzerani chipinda. Mawa tikugulirani bedi lanulanu, muzikhala ndi ife basi."

Chagunda anadzutsa mkazi wake, anamukonza mpango kumutu, n'kumuyendetsa mpaka pagalimoto. Atamukhazika, anatembenukira kwa mwana wake n'kulankhula mokweza kuti Nangondo amve.

"Bedi usagule, mwanawe. Ukabwereke kwa aneba. Mayi akowa ndi mlendo kwanuko, ndidzawatenga chimanga chisanaume."

Nangondo anatulutsa dzanja pawindo, anapapasa mpaka anapeza nkhope ya mwamuna wake, ndipo anaseka koyamba chibwerereni madzi.

Inu amene mukundimva, ambiri muli ndi nyumba, ndipo m'nyumbamo muli wina amene sangathe kukayambiranso kwina. Mukapita kukaitetezera nyumbayo, musaganize kuti pepala limodzi laphimba tsoka lililonse. Makampani amasiyana, mapepala amasiyana. Funsani ndi pakamwa panu kuti, kodi madzi alimo? Akuonetseni pamene palembedwa. Ndipo akakufunsani za pakhomo panu, musayankhe ngati mukuyankha moni. Pamene madzi anafika, aonetseni, ngakhale nkhope itenthe ndi manyazi. Manyaziwo adzatha tsiku lomwelo, koma amene mumamukondayo adzafuna pogona zaka zonse zimene zamutsalira.