Ana a Chiphaniphani Kuseri kwa Fumbi

Kalekale, nyama zikadayankhula ngati ife, kunali Chiphaniphani, mayi wa ana ambiri. Chaka china dambo linauma gwa. Ana ake anati, "Amayi, tikafune malo kumwamba. Tikakafika tikasonkha moto kuti mutione."

Anauluka, nauluka, mpaka analowa kuseri kwa fumbi la Mlalang'amba, mzere woyera uja wa nyenyezi. Mayi anadikira, moto osaoneka. Anadikirabe, moto osaoneka. Ndi chisoni, nyali yake inazima.

Anapita kwa Kadzidzi. "Bambo, maso anu ndi aakulu. Mukuwaona ana anga?"

Kadzidzi anatong'ola maso. "Pepani mayi, ndikuona fumbi lokha."

Anapita kwa Bilimankhwe. "Achimwene, maso anu amazungulira. Mukuwaona ana anga?"

Diso lina uku, lina uko. "Pepani, fumbi lokhalokha."

Chule anamva zonsezi, njala itamugwira. "Alamu, anawo anafa. Bwerani mudzalirire kwathu. Khomo ndi ili." Atatero anayasamula kukamwa.

Misozi inali itamutseka maso Chiphaniphani. Anayamba kulowera kukhomo kuja. Pomwepo udzu unagwedera, Nsato natulukira. Chule anadumphira m'matope, maso ali tong'o ndi mantha, ndipo sanabwererenso mpaka lero.

"Mukulira chiyani, mayi?" anafunsa Nsato.

Chiphaniphani anafotokoza zonse.

"Maso anga ndi ofooka," anatero Nsato, "koma timaenje ta pamilomo pangapa timamva kutentha. Fumbi limatchinga kuwala, koma kutentha kumadutsa."

Anadzutsa mutu. Anauyendetsa pang'onopang'ono kuchokera kum'mawa.

"Apa pakuzizira."

Anausuntha. "Apanso pakuzizira."

Anausunthanso, nauimitsa. "Apa pakufunda."

"Ndi mwana mmodzi?"

"Si mmodzi. Ndi mudzi. Pambali pake mudzi wina, kuseri kwake winanso. Midzi yogundana ngati zisa za atchete pamtengo umodzi. Ndi kutali zedi, n'chifukwa chake simukuwaona. Koma moto ukuyaka. Ana anu anabereka, mayi."

Chiphaniphani anatera pa udzu, nausa moyo. "Ali moyo," anatero. "Ngakhale ndisawaone, ali moyo."

Nyali yake inayakanso, phethi, phethi.

Tsono mumve, inu muli pano: chimene diso lalephera kuona sichinafe ayi. Musathamangire kulira maliro. Yambani mwafunsa amene amamva mwa njira ina.

Yanga yathera pamenepa. Kaphuleni mbatata ija isanapserere.